Chaka Chimene Tinaima Kumbuyo kwa Alongo Athu

Ana inu, sabata yonseyi mwandigonthetsa m'kutu ndi wailesi yanuyo. Akuti kudziko lina la kutsidya kwa nyanja anthu awiri a chipani chimodzi akulimbirana kuti ndani aimire chipanicho pa mpando wa pulezidenti, ndipo akungosiyana pang'ono, lero uyu patsogolo, mawa winayo. Iwe Fuledi uli ndi wako, iwe Joisi uli ndi wako, ndipo dzulo munakana kudyera mbale imodzi chifukwa cha anthu amene sadziwa n'komwe kuti padziko pali Bangula. Mwandifunsa kuti ine ndili mbali iti. Ndikayamba kuyankha mumandidula pakamwa, choncho ndatenga kope la Joisi lotsala masamba kuti ndilembemo. Zilembo zanga ndi za pasileti, za kusukulu ya mishoni kumene ndinalekeza kalasi yachitatu. Muwerenge modekha.

Chimene mukuchitcha chisankho cha chipulula ine ndinachiona ndisanamve dzina lake. Ndinali mayi wa mwana mmodzi, Esinati, amayi anu omwewa amene lero akudandaula za msana. Nkhondo ya Jeremani inali itatha, chimfine chachikulu chija chitadutsa n'kutenga amene chinatenga. Mudzi wathu unali m'mbali mwa Shire, kumunsi kwa Chiromo, ndipo tsidya linalo kunali kwa Apwitikizi. Sitima za pamadzi zinali zikuchepa chifukwa cha njanji, koma ina inkadutsabe mwa apo ndi apo ikulavula utsi, ife n'kuthamangira kugombe ndi mazira ndi nkhuni.

Inu mumadziwa munda wa malire osasuntha. Ife tinali ndi minda iwiri. Wa kumphala, kumtunda, tinkalimamo mapira, mchewere ndi thonje podalira mvula, ndipo mvula ya kuchigwa kuno mukuidziwa, imasonkhanitsa mitambo yambiri n'kukagwa kwa eni ake kumapiri. Munda wachiwiri unali dimba. Chaka chilichonse mtsinje unkasefukira n'kumiza dambo lonse, ndipo madzi pobwerera ankasiya matope akuda onona. M'matopemo tinkabzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu, kutsatira madzi pambuyo pamene akuphwa. Ukachedwa masiku ochepa, pamwamba pauma gwaa, mbewu osamera. Chaka chimene dimba lakanika tinkalowa m'madzi mpaka m'khosi kukazula nyika, timizu ta maluwa a m'dambo, ng'ona zikutiyang'ana. Nyika imakhutitsa, koma sindinamvepo munthu akuisowa.

Vuto la dimba linali limodzi. Madzi akachoka, malire onse anali atafufutika. Pamene panali mzere wa nzimbe pali mchenga, pamene panali chulu pali thamanda. Choncho pankafunika munthu mmodzi amene onse amukhulupirira, woti alowe m'matope ndi mtolo wa bango, azike, n'kunena kuti apa mpa uje, apa mpa uje. Tinkangomutcha wogawa madimba. Sanali mfumu, analibe mpando kapena mkanjo, koma chakudya cha nyumba iliyonse chinkadutsa m'manja mwake. Kuyambira ndili mwana ntchitoyi inali ya a Chimbiya, malume awo a amayi anga. Chaka chimenecho anamwalira madzi akadali m'dambo, osasiya mawu.

M'mudzimo munali mbumba ziwiri: yathu, ndi ya akumunsi, Asena amene anaoloka kuthawa ukali wa Apwitikizi. Tinkakwatirana nawo, tinkalirana maliro, koma pa dimba aliyense ankafuna munthu wake. Amfumu athu anali munthu wokonda kuluka mphasa, wodana ndi phokoso. Anati, “Mbumba iliyonse ibweretse dzina limodzi, ine ndisankhe pa awiriwo. Amene abweretse mayina awiri ndiwabweza nawo onse.” Akumunsi anagwirizana tsiku lomwelo pa a Zuze. Ife tinali ndi amuna awiri, ndipo aliyense sankafuna kupatuka.

Mwaonatu. Tisanalimbane ndi akumunsi tinayenera kuyamba talimbana tokhatokha, ngati anthu anu a pa wailesiwo. Ndipo ine ndimati mpikisano wa m'nyumba imodzi ndiwo woopsa. Mlendo akakutukwana amangoponya mawu mwachisawawa. Mbale wako amadziwa chaka chimene unaba chimanga chachiwisi, amadziwa amene unamufunsira n'kukukana.

Onse awiri anali alongo anga. A Sandalamu anali a bere limodzi ndi ine. Ali mnyamata anagwirapo ntchito kwa Azungu oyeza njira ya njanji, kenako anawatenga kukhala tengatenga kunkhondo. Anabwerako owonda, ndi chifuwa chosatha, ndi chingwe chachitali chomanga mfundo motalikirana mofanana. Ankati dimba liziyezedwa ndi chingwe, chifukwa chingwe chilibe mlamu. Anali munthu wachilungamo, koma wa mtima wapachala, ndipo akamafotokoza chinthu ankakuyang'ana ngati ndiwe mwana wa kalasi yoyamba. Iwe Fuledi, usayang'ane kumbali, unatengera komweko.

A Chakanza anali mwana wa amayi aakulu, a Nambewe, mkulu wawo wa amayi anga. Anali msodzi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akutola mawuwo pansi. Zaka zambiri ndiwo ankasenzera a Chimbiya bango. Ankatha kuponda m'matope ofika m'mawondo, chala n'kugunda chitsa cha nzimbe cha chaka chatha, n'kunena mwini malowo osaphonya. Chilema chawo chinali chakuti sankatha kukana. Munthu akawalirira, kapena akawapatsa chipanda cha mowa, bango linkasuntha pang'ono.

Osankha tinali akazi. Musadabwe. Madimba anali a akazi, ochokera kwa amayi athu, ndipo amuna athu anali akamwini, obwera. Agogo anu aamuna nditawafunsa maganizo awo anati, “Ine ndinabwera kudzalima kuno. Mukagwirizana mundiuze koloza khasu.” Kale nkhalamba ziwiri zitatu zinkangonong'onezana dzina, nkhani n'kutha. Koma chaka chimenecho nkhalamba zazikulu zinali ziwiri, amayi anga ndi a Nambewe, ndipo aliyense ankanong'ona dzina la mwana wake. Atalephera kumvana anapangana chinthu chatsopano: amuna awiriwo adzaime pansi pa mtengo wa msangu atayang'ana kumtsinje, ndipo mkazi aliyense wa mbumba amene anabereka adzaime kumbuyo kwa amene akumufuna. Mzere wautali ndiwo udzapereke dzina.

Zimene zinachitika masabata awiri otsatirawo, ana inu, ndikazikumbuka ndimaseka ndekha. Mwadzidzidzi akazi tinasanduka anthu ofunika. Unkadzuka n'kupeza nsomba zitatu za makakana pakhomo, zopala kale mamba. Nkhalamba zimene zinkatola tizitsotso tophikira zinayamba kulandira mitolo ya nkhuni za tsanya. Panali a Nabanda, mayi wamasiye, amene denga lawo linadontha mvula zitatu popanda wolikhudza. Sabata imodzi linafoleredwa kawiri, mbali ya kum'mawa ndi a Sandalamu, ya kumadzulo ndi a Chakanza. Iwo anakhala pansi pa mthunzi akusuta fodya wawo, moto uli m'kamwa monga ankasutira amayi a kale, akuthokoza onse mofanana. N'chifukwa chake ine sindinyoza chisankho ngati mmene amachitira ena. Chili ndi mabodza ake, koma ndi nyengo imene wamphamvu amagogoda pakhomo pa wosauka n'kudikira kuti ayankhidwe.

Mabodzawo analipo ndithu. A mbali ya a Chakanza anafalitsa kuti chingwe chija n'cha Azungu, kuti dambo likangoyezedwa mawa lake adzabwera kudzalilanda kuti likhale esiteti ya thonje. A mbali yathu tinkati malire a Chakanza amapindikira kumene kwafulidwa mowa. Ndati tinkati, chifukwa nanenso ndinanenapo kudooko, ndipo anandimva ndi mlamu wa a Chakanza. Atsikana ankapeka nyimbo pamtondo, mtondo wa uku ukuyankha mtondo wa uko, mpaka mphale inkatuluka yosweka ndi ukali. Ana a nyumba ziwirizo analeka kusewera limodzi. Ndipo nthawi yonseyi madzi anali akuphwa, matope akuda akuoneka m'mphepete, opanda woponyamo mbewu.

Kenako mkangano unagwera pa ine. Akazi obereka analipo khumi ndi awiri, ine wachikhumi ndi chitatu. Esinati anali ndi mwezi umodzi wokha. A Nambewe anabwera kwa amayi anga ine ndili pomwepo ndikuyamwitsa.

“Uyu sawerengedwa,” anatero osandiyang'ana. “Ndi mwana uyu. Khanda lake liwombo likadali phamphampha.”

Amayi anati, “Achemwali, tsiku limene ankabereka munali m'chikuta momwemo, munamugwira msana ndinu. Munaona ngati akusewera masanje?”

“Kubereka kumodzi si kubereka.”

“Inu ana aamuna muli nawo angati?”

A Nambewe, amene mwana wamwamuna anali naye mmodzi yekha, ananyamuka n'kumapita. Ndinawerengedwa.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, a Sandalamu anandipeza ndikupeta mchewere. Anakhala pa mtondo wogona, akutsokomola.

“Mlongo, ndawerenga. Ndi iwe tilipo asanu ndi awiri, iwo asanu ndi mmodzi.”

“Mwawerenga anthu kapena nsomba zimene mwagawa?”

“Iwe udzaima kumbuyo kwanga kapena ayi?”

“Ndidzaima, achimwene. Koma mukagonja?”

“Sindigonja.”

“Ndafunsa kuti mukagonja.”

Anangoyang'ana kutsidya. Masiku amenewo mwamuna wogonja pa nkhani ya udindo kawirikawiri sankakhala. Ankazula chitseko cha nyumba yake, kutenga amayi ake ndi alongo amene akumutsata, n'kukayamba mudzi wina. Midzi yambiri imene mukuiona m'mbali mwa msewu inabadwa choncho, si kuti anthu anachulukana ayi, ndi mkwiyo wa munthu mmodzi. Koma kwathu malo opanda mwini anali tsidya lija, kumene anthu ankathawako, kumene amuna ankagwidwa ndi chingwe m'chiuno kupita ku ntchito yokakamiza. Ndipo a Sandalamu anali nkhoswe yanga. Mwana wanga akadwala, amuna anga sakanatha kupita naye kwa sing'anga popanda mawu a malume ake. Banja langa likagwedezeka, wondiyankhulira anali iwo. Akanachoka, ine ndikanasankha pakati pa kutsata amayi ndi mlongo wanga kumalo oopsa ndi khanda kumsana, kapena kutsala ngati mlendo m'mudzi wobadwiramo. Za amene agawe madimba ndinalibe nazo mantha kwambiri. Ndiulule lero, poti onse anapita: mumtima ndinkadziwa kuti a Chakanza amawadziwa matope kuposa achimwene anga. Ndinaima kumbuyo kwa magazi. Anthu ambiri amasankha choncho, kenako n'kufunafuna zifukwa zomveka bwino zouza anzawo.

Tsikulo linafika. Unali m'mawa, kukuzizira pang'ono, nkhungu ikuchoka pamadzi. Amuna awiriwo anaima atatifulatira. Akamwini anakhala patali ngati akuonera gule wa eni ake. Tinayamba kuima mmodzimmodzi, amayi anga patsogolo, ine pambuyo ndi Esinati kumsana. Uku asanu ndi mmodzi, uko asanu ndi mmodzi. Anatsala a Nabanda, amene tonse tinkawawerengera kwathu. Anabwera ndi ndodo yawo, pang'onopang'ono, n'kuima pakati penipeni. Anati mwendo wawagwira. Anawerama, anausisita, anafunsa ngati wina ali ndi fodya. Kenako anakhotera kumadzulo n'kukaima kumbuyo kwa a Chakanza.

Patapita zaka ndinawafunsa chifukwa chake. Anati kamvula kamene kanagwa sabata imeneyo kanadontha mbali ya kum'mawa.

Amunawo anauzidwa kuti atembenuke. A Sandalamu anawerenga mizere kawiri, milomo ikuyenda. Nkhope inachita mdima, koma ndinaona akuyamba kuyenda kupita kwa a Chakanza dzanja lili patsogolo. Ndikunena zoona, anatsala mapazi atatu. Zikanathera pomwepo.

Koma a Nambewe anali atabisa nsengwa ya ufa m'nsalu. Anathamanga ngati mtsikana, n'kukhuthulira ufawo pamutu pa mwana wawo, nthungululu n'kuphulika. Akazi a mzere wawo anamuzungulira akuvina, a Chakanza ali mbuu ngati nyau.

Inu ana a lero mumathirana ufa mukakhoza mayeso, mumaona ngati masewera. Kwathu ufa pamutu unali ndi tanthauzo limodzi. Unkathiridwa munthu amene wapambana mlandu pabwalo, kapena amene ananamiziridwa ufiti n'kupezeka wosalakwa. Unkanena kuti uyu ndi woyera. Ndipo aliyense ankadziwa kuti ngati uyu ndi woyera, winayo ndiye wakuba, ndiye mfiti. A Nambewe sanaganize zimenezo, iwo chinawakwera ndi chimwemwe basi. Koma dzanja la achimwene anga linatsika. Anatembenuka n'kupita kwawo. Ovinawo, posadziwa kapena podziwa, anadutsa ndi nyimbo yawo pakhomo pawo penipeni.

Apa ndiye pali maganizo anga onse pa nkhani yanu ya pa wailesiyo. Mpikisano ukakhala wa pafupi chonchi, wopambana amaiwala kuti theka la nyumba linaima kwina. Asanu ndi awiri amavina ngati ndi mudzi wonse. Koma mawa lake pali a Zuze akudikira, ndipo sungapite kwa a Zuze ndi theka la nyumba. Kugonja munthu amapirira. Chimene sapirira ndi kuuzidwa kuti poyesa nawo analakwa.

Mmene dzuwa linkafika pamutu, chitseko cha bango cha a Sandalamu chinali chitazulidwa, chili pansi. Amayi anga ankamanga miphika m'dengu akulira mwakachetechete. Akazi ena atatu a mzere wathu ankati nawonso aoloka. Ndinawapeza achimwene akumanga mphasa.

“Chakupwetekani n'chiyani, achimwene? Kugonja?”

“Kugonja? Kunkhondo ndinkagonja tsiku lililonse ndi bokosi pamutu.” Anakoka mfundo mwamphamvu. “Ufa uja, mlongo. Ndinaba chiyani ine? Ndinalodza yani?”

“Palibe wanena zimenezo.”

“Ufa wanena. Mawa mamawa bwato likunyamuka. Ukafuna malo alipo.”

Sindinawachonderere. Ndinkawadziwa, ukawachonderera ankaumirapo. Ndinapita kwa a Chakanza. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akukonza mono wosaphwanyika, ufa ukadali m'makutu.

“Achimwene aakulu, mwamva kuti anzanu akuoloka?”

“Ndamva.” Anatembenuza monowo m'manja. “Ine ufawu sindinaupemphe.”

“Komanso simunaukutumule.”

“Ndikapita ine andiponyera nkhafi. Anathira ndi amayi. Ukalankhule nawo iwe.”

“Inu simungalankhule nawo?”

“Mlongo, ine ng'ona ndimailowera m'madzi. Amayi aja ayi.”

Ndinabwerera kunyumba. Kumphala chaka chimenecho kunali kutapsa, ndipo mu nkhokwe munatsala mapira ochepa. Ndinatapako, ndinasinja, Esinati akugwedezeka kumsana mpaka anagona ndi kugunda kwa munsi. Agogo anu aamuna anayang'ana mu nkhokwe, anayang'ana ine, n'kufunsa ngati kukubwera alendo. Ndinati ayi, ndikukagula mlamu wanu. Anati, “Ugule bwino, ameneyo ndi wodula.”

A Nambewe ndinawapeza pakhonde akupota thonje. Anakwatiwa ndi Msena zaka zambiri, ndipo akakwiya Chisena chinkatuluka chokha. Ndinagwada, n'kuika nsengwa patsogolo pawo.

“Ndabweretsa ufa, mayi.”

“Wa chiyani? Kuno ufa ulipo.”

“Ndauona m'mawa. Uwu ndi wa mwana wanu winayo.”

“Mwana wamwamuna ndili naye mmodzi.”

“Chaka chimene amayi anatupa mawere, a Sandalamu ali khanda, anayamwa kwa yani?”

Njinga yopotera inaima. Kenako anaizunguzanso mwaukali.

“Nkhabe, ayi. Wogonja sathiridwa ufa. Sizinachitikepo.”

“Kuimika akazi pamzere kumbuyo kwa amuna nakonso kunali kusanachitikepo. Munayambitsa ndinu ndi amayi.”

“Pakamwa ngati mpeni. Ndinanena ine kuti usawerengedwe.”

“Mayi, mkuja mukupita kwa amfumu. Akumunsi adzapita onse, ndi agalu awo omwe. Inu mudzapita asanu ndi awiri, ndipo amfumu adzafunsa kuti enawo ali kuti. Mudzati ali kwa Apwitikizi. Ndiye apereke dambo lonse kwa munthu amene m'bale wake wathawa tsiku loyamba?”

Ndinaona kuti mawu amenewa alowa, koma sanali okwanira. Ndinamasula Esinati n'kumuika pamiyendo pawo, pamwamba pa thonje.

“Uyu akadwala ndidzapita kwa yani? Ndidzaoloka Shire ndi mwana wotentha thupi kukafuna malume ake?”

Anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. Esinati anawagwira mkanda wa m'khosi n'kuyamba kuuyamwa. A Nambewe anatapa ufa pang'ono, anaufikisa pakati pa zala, anaulawa.

“Wasinja mwaulesi. Muli misere. Ufa wotere ukathire mwana wanga?”

Anandibwezera mwana, analowa m'nyumba, anatenga lichero lawo. Anaupeta okha ufawo mpaka unasalala, akung'ung'udza za atsikana a masiku ano amene anaphunzira sileti m'malo mwa munsi. Ine mawu amenewo ndinawalandira ngati mphatso.

Dzuwa litapendeka tinatsikira kudooko. Anthu ataona a Nambewe atasenza nsengwa anayamba kutitsata, a mizere yonse iwiri, a Chakanza pambuyo penipeni. A Sandalamu anali akukweza katundu m'bwato, chitseko chili pamchenga.

“Sandalamu, khala pansi.”

“Ndili pa ntchito, mayi.”

“Ndine wamfupi ine. Khala pansi.”

Anayang'ana nsengwayo, anayang'ana ine. Koma munthu amene anakuyamwitsa sumuyankha uli chiimire. Anakhala pamphepete pa bwato.

A Nambewe sanathamange ulendo uno. Anatapa ndi manja awiri, n'kuthira pang'onopang'ono, pamutu, pamapewa, mpaka nsengwa inatha.

“Apa panalibe mlandu,” anatero mokweza kuti onse amve. “Ana anga awiri anaima, mmodzi watsogola. Wakuba palibe, mfiti palibe. Amene anamva zina m'mawa muja, wolakwa ndine.”

Achimwene akanatha kuimirira n'kukutumula, ndipo pamenepo sipakanakhalanso chokonza. Ufa unawalowa m'mphuno. Anayetsemula, anatsokomola, anayetsemulanso, kamtambo koyera kakuuluka.

“Mwawononga chakudya m'chaka cha njala, mayi.”

“Ndi cha mlongo wako. Kadandaule naye.”

Wina anaseka, ndikuganiza anali a Nabanda. Amayi anga anaimba nthungululu, ndipo akazi a mizere yonse analandira. A Chakanza anawerama, anasenza chitseko chija pamutu, n'kuyamba kukwera nacho kumudzi. Tonse tinkayang'ana a Sandalamu. Iwo ankayang'ana chitseko chawo chikupita.

“Achimwene,” anaitana, “mukachiika chozondoka chimenecho. Kumwamba ndi uko kuli mfundo ziwiri.”

A Chakanza osatembenuka anati, “Bwera udzaike wekha, iwe wodziwa kuyeza.”

Kenako a Sandalamu anatsitsa dengu la miphika ya amayi m'bwato, analipereka kwa ine ngati ndine ndinalikweza, n'kutsatira.

Kwa amfumu tinapita tonse khumi ndi atatu, ndipo woyankhulira a Chakanza anali a Sandalamu, amene anayankhula nthawi yaitali mpaka amfumu anamaliza mbali yonse ya mphasa. Udindo unabwera kwathu. A Zuze sanathiridwe manyazi, tinali titaphunzira. Anapatsidwa kuti aziyang'anira mbali ya kumunsi, ndipo pochoka anati takhuta, ndiko kuthokoza kwa Chisena. Tinabzala mochedwa, chimanga cha kumtunda kwa dimba sichinamere, koma cha kumunsi ndi mbatata zinatifikitsa ku mvula. Musaganize kuti alongo anga awiriwo anasanduka mabwenzi. Anakangana chaka chilichonse m'matope mpaka ukalamba, wina akuti apa, wina akuti apo, ndipo ndikuganiza kuti malire athu anawongoka chifukwa cha mkanganowo.

Tsono mukandifunsa kuti pa anthu anu awiriwo ndili mbali iti, sindikuwadziwa, ndipo amene apambane mwa iwo sadzandifolera denga. Koma mpikisano wawo sukundiopsa ayi. Nyumba imene muli anthu awiri oyenera, n'kusowa wosiya, si nyumba yosauka. Inu mvetserani tsiku lotsatira. Mudzamve ngati wopambanayo, kapena amayi ake, adzatsike kudooko bwato lisananyamuke.

A Sandalamu sanaolokenso. Anakalamba m'mudzi momwemo, m'nyumba yomweyo. Esinati atadwala chikuku ndiwo anamubereka kumsana mpaka kumishoni, mwamuna wamkulu ndi mbereko, anthu akuseka m'njira. Ndipo atakula, pamene mnyamata wina woonda wa ku Ngabu anabwera kudzamufunsira atabwereka jekete, nkhoswe imene anaipeza pakhonde inali iwowo. Anamubweza kawiri, akuti sadziwa kugwira khasu. Kachitatu anamulola. Mukawafunse bambo anu ngati ndikunama.